Mpunga wa ku Bua ndi malonda opanda msonkho: phindu lili pati, zobisika ndi ziti?

Mlembi wa kopaletivi, Bua

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa wailesi nkhani ya mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa, uja wa AfCFTA, ikumveka ngati chitseko chatseguka kale, changotsala n'kusenza katundu. Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi kuno ku Nkhotakota ili ndi matumba 900 a mpunga wosapuntha, lililonse makilogalamu 50, Faya ndi Kilombero. Mavenda amagula pakhomo pomwepo, ndalama pamanja. Mbali ina ya mamembala ikuti tipunthitse tokha, tipakire bwino, tikagulitse ku Chipata kapena ku Lusaka poti kulibe msonkho. Mbali ina ikuti mgwirizano womwewu ndi umene udzadzaze misika ya Salima ndi Lilongwe ndi mpunga wakunja mpaka ife kusowa kogulitsa. Ndani akunena zoona? Ndipo ngati tapita, ndalama zimene sizitchulidwa pa wailesi zija zimatayikira pati?

Wa pa boda

Bambo mlembi, choyamba tisiyanitse mapangano, chifukwa si limodzi. Mpunga wopita ku Zambia sukudikira AfCFTA ayi. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko 9 amene anayamba malonda opanda msonkho a COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, pa 31 Okutobala 2000. Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA, amenewo timachita nawo kudzera mu SADC, imene inakhazikitsa dera lake la malonda opanda msonkho mu 2008. AfCFTA inasainidwa ku Kigali mu Malichi 2018, malonda ake anatsegulidwa pa 1 Januwale 2021, ndipo kwa ife chatsopano chake chili ku mayiko ngati Ghana ndi Nigeria amene tinalibe nawo pangano. Mtunda wopita kumeneko mukuudziwa. Choncho chitseko cha ku Chipata chakhala chotsegula zaka zoposa 20, ndipo funso loyenera ndi lakuti n'chifukwa chiyani alimi ambiri sanadutsepo.

Yankho lili m'mapepala. Pangano limachotsa chinthu chimodzi chokha, msonkho wolowetsera katundu. Zina zonse zimatsala momwemo.

Pali njira ziwiri. Yaing'ono ndi ija ya amalonda ang'onoang'ono, imene pa boda amangoti STR. Katundu wake asapose madola 2,000 pa ulendo umodzi, ndipo akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana. Mpunga, mtedza ndi nsomba zouma ndi zina mwa zimene zakhala pa mndandandawo, koma funsani pa desiki yothandiza amalonda pa Mchinji musananyamuke chifukwa umawunikidwanso nthawi ndi nthawi. Ubwino wake simulemba ejenti, fomu ndi yaifupi ndipo mumadzaza pa boda pomwepo. Koma ziphaso za zaulimi sizichotsedwa ndi STR. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa: afika ndi matumba 20, msonkho kulibedi, koma afunsidwa chiphaso cha zaumoyo wa mbewu chimene alibe.

Matumba anu 900 njira imeneyo sakwanamo. Ndi matani 45 a mpunga wosapuntha, mukapunthitsa mutsala ndi matani 29 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti thiraki imodzi ya matani 30. Pamenepo ndondomeko yake ndi iyi, ndipo musasinthe kutsatana kwake.

Kopaletivi ikhale yolembetsedwa, ikhale ndi TPIN, nambala ya okhoma msonkho ya ku MRA, ndi akaunti ya kubanki m'dzina lake. Kenako pezani wogula weniweni ndi kusainirana naye. Wogulayo ndi amene ayambe kutenga chilolezo cholowetsera mbewu ku unduna wa zaulimi wa kwawo, ndipo akutumizireni kope. Chifukwa chake n'chakuti pa chilolezocho ndi pamene pamalembedwa zimene Zambia ikufuna, monga kuti mpunga ufukizidwe mankhwala ophera tizilombo. Inu mukatero mupempha laisensi yotulutsira katundu ku unduna wa zamalonda, malinga ndi lamulo la Control of Goods Act la 2018. Mukafukiza, muitana a nthambi ya kafukufuku wa zaulimi kuti ayendere katunduyo ndi kupereka chiphaso cha zaumoyo wa mbewu. Chiphaso chimenechi chili ndi masiku owerengeka, ndiye musachitenge thiraki isanapezeke. Kubanki mudzaza fomu ya CD1, imene ndi lonjezo lanu lakuti ndalama za katunduyo zibwera m'dziko muno. Pomaliza satifiketi ya COMESA yotsimikizira kuti mpungawu unalimidwa m'Malawi, yodindidwa ndi MRA, ndipo ejenti alowetse zonse mu kompyuta ya kasitomu.

Chimene chimagwetsa anthu kawirikawiri ndi kusagwirizana kwa manambala. Invoisi ikuti matumba 585, satifiketi ikuti 600, sikelo ya pamsewu ikunena zina. Ofisala wa tsidya lija akaona zotero ali ndi ufulu woimitsa katundu kapena kukana satifiketiyo, ndipo mwini thiraki amawerengera tsiku lililonse limene galimoto yake yagona pa boda. Kuyambira kumapeto kwa 2022 Mchinji ndi Mwami zimagwira ntchito ngati boda imodzi, kuima kamodzi kokha, ndipo zathandizadi, koma pepala lolakwika limakhalabe lolakwika.

Mayi wa chigayo, Salima

Achimwene a pa boda alongosola bwino za mapepala. Ine ndikuti ndalama zambiri zimatayika mpunga usanakwere n'komwe galimoto, pa chowumitsira ndi pa chigayo.

Wogula wa ku Lusaka sagula dzina lakuti Kilombero. Amatsegula thumba, n'kutapa dzanja limodzi, n'kumwaza pa mbale yoyera. Akuyang'ana zinthu zinayi: wosweka ndi wochuluka bwanji, muli miyala kapena ayi, mtundu ndi umodzi kapena wasakanizika, ndiponso fungo. Faya ndi Kilombero musaziphatikize. Kutalika kwa njere zake ndi kosiyana, zimapsa mosiyana mu poto, ndipo m'makina opunthira zikalowa pamodzi ina imasweka pamene inzake sinayere. Thumba losakaniza limagulidwa pa mtengo wa mtundu wotsikawo.

Kusweka kumayambira kumunda. Dulani ngala zambiri zitasanduka zachikasu ngati udzu wouma, njere 80 kapena 85 pa 100 zilizonse, chinyezi chili pakati pa 20 ndi 25 peresenti. Mukachedwa njere zimang'aluka zili pamtengo, usana dzuwa, usiku mame. Poyanika yalani lona, osati pa dothi kapena m'mphepete mwa tala wa M5 monga timaonera, chifukwa miyala ndi mchenga zimachokera pamenepo. Muyale mopyapyala, masentimita 2 mpaka 4, ndi kumatembenuza pafupipafupi, pa theka la ola lililonse ngati n'kotheka. Dzuwa la kunyanja kuno likafika paliwombo, unjikani ndi kuphimba. Cholinga ndi 14 peresenti. Kuluma njere ndi mano kumakuuzani kuti wauma, koma sikukuuzani kuti wauma mopyola. Kopaletivi igule kachipangizo koyezera chinyezi, mtengo wake ubwerera pa ulendo woyamba. Mpunga wouma kwambiri ukakhudzananso ndi chinyontho, kaya mame kaya simenti yozizira ya m'nyumba yosungira, njere zimachita ming'alu yosaoneka ndi maso, ndipo mu chigayo zimangoyoyoka. N'chifukwa chake matumba amasanjidwa pa mathabwa, motalikirana ndi khoma.

Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, pafupifupi 20 ndi mankhusu, 8 mpaka 10 ndi madeya. Chigayo chabwino, chokhala ndi malabala osenda makoko, chochotsa miyala ndi chosefa, chimakupatsani 65 mpaka 70. Zigayo zakale zachitsulo zimene zimasenda ndi kuyeretsa nthawi imodzi zimatha kukupatsani 55 kapena kucheperapo, wambiri wosweka. Pa matani 45 kusiyana kwa 10 peresenti ndi matani anayi ndi theka, matumba 90. Palibe msonkho wochotsedwa umene ungakubwezereni matumba amenewo. Ndipo gwirizanani ndi mwini chigayo musanathire kuti madeya ndi wosweka uja ndi za ndani, chifukwa zonsezo ndi ndalama kwa oweta nkhuku ndi ophika phala.

Za kufukiza, lembani kampani yovomerezeka. Mapiritsi ofukizira aja amafuna mulu wophimbidwa bwino ndi pepala losatulutsa mpweya, m'mbali mwake motsindiridwa ndi timatumba ta mchenga, kwa masiku osachepera 5 mpaka 7. Kutsegula tsiku lachitatu chifukwa thiraki yafika kumapha tizilombo tatikulu tokha, mazira n'kutsala, ndipo amakaswa katundu ali m'sitolo ya wogula. Mpweya wake ndi wakupha, asayerekeze munthu kufukiza m'nyumba yogonamo.

Wa ku Khombedza

Zonsezo n'zoona, koma mukuyankha theka la funso. Mbali yachiwiri ya mamembala aja ili ndi mfundo, tisaipeputse. Walira mvula walira matope. Khomo limene mpunga wanu utulukire ndi lomwelo limene wa anzathu ulowere, ndipo Tanzania amalima mpunga wochuluka kutiposa kutalitali. Kyela ili pafupi ndi Songwe pomwepa.

Tiwerengenso za thumba la boma. Dziko lathu limagula kunja katundu wa ndalama pafupifupi katatu kuposa amene limagulitsa. Msonkho wa pa boda ukachotsedwa, woyamba kupindula ndi woitanitsa katundu, ndipo boma limataya ndalama zimene likanagulira mankhwala m'zipatala. Ndalama zimenezo silingozisiya, limakazifuna kwina, pa VAT ndi pa misonkho ina ya m'dziko, imene amalipira ndi mayi wogula sopo pa Kamuzu Road. Mu AfCFTA mayiko anagwirizana kuchotsa msonkho pa mitundu 90 pa 100 iliyonse ya katundu. Mayiko osauka ngati ife anapatsidwa zaka 10, pa mitundu 7 yofunika kuisamala zaka 13, ndipo mitundu itatu yokha pa 100 ndi imene dziko lingaikane kotheratu. Malo atatu amenewo akulimbirana a shuga, a simenti, a mafuta ophikira, a nkhuku. Kodi mlimi wa ku Bua kapena wa ku Lifuwu ali ndi womulankhulira pa tebulo limenelo?

Ndiye pali malamulo onena kuti katundu ndi wochokera kuti. Kwa mpunga n'zosavuta, walimidwa kuno basi. Koma onani zovala. Lamulo la SADC limafuna kuti chovala chisokedwe ndi nsalu yowombedwa m'chigawo chomwechino. Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia anapatsidwa mwayi wapadera wosoka ndi nsalu yochokera kwina n'kugulitsa ku South Africa popanda msonkho. Mwayiwo unatha kumapeto kwa 2009, ndipo mafakitale osoka zovala m'dziko muno anavutika kwambiri, anthu n'kuchotsedwa ntchito. Pangano linalipo ndithu, koma kachiganizo kamodzi m'kati mwake kanatseka msika. Ife a dera la thonje zimatiwawa kuona thonje likutuluka losawomba, ife n'kumavala kaunjika.

Ndipo pangano silimuletsa mnzako kukwiya. Mu Malichi 2025 boma lathu linaletsa kulowetsa katundu wina monga ufa, mpunga, zipatso ndi mbatata ya kachewere pofuna kuteteza alimi ndi kusunga ndalama zakunja. Mu Epulo Tanzania inabwezera, kuletsa zokolola zathu ndi kuopseza kutseka njira ya ku Dar es Salaam ndi feteleza. Nthochi ndi tomato zinawola pa boda ya Songwe, ndipo amene analuza anali amayi a geni a mbali zonse ziwiri. Anakambirana zinthu n'kubwerera m'malo, koma amene katundu wake anawola palibe anamubwezera.

Wa ku Dwangwa

Bambo a ku Khombedza, pa nkhani ya Songwe ndikugwirizana nanu kuti inali yowawa, koma ikuphunzitsa zosiyana ndi zimene mukufuna kuti itiphunzitse. Chinawoletsa nthochi si malonda opanda msonkho, ndi kuwatseka. Ife tinayamba, anzathu anabwezera, ndipo dziko lopanda doko ngati lathu ndi limene limamva msanga kuwawa pa mkangano wotere, poti mafuta ndi feteleza wathu zimadutsa kwa eni ake.

Kaunjikanso tisamuike pa mutu wa COMESA. Mabelo aja amachokera ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, sali m'pangano lililonse la mu Africa, ndipo amalipira msonkho. Chimodzimodzi mpunga wa ku Pakistan kapena ku Thailand. Kuuthira m'thumba latsopano ku Beira sikuusandutsa wa ku Mozambique, malamulo amanena poyera kuti kupakira kokha sikupatsa katundu dziko. Ukalowa popanda msonkho ndiye kuti pachitika chinyengo kapena wadutsa njira zozemba, ndipo mankhwala ake ndi kulimbitsa ntchito ya pa boda.

Tengani shuga, amene ife kuno timadya naye. Kwa zaka zambiri Ulaya inkagula shuga wathu pa mtengo wabwino. Pamene inachotsa malire a ulimi wa shuga wake pa 30 Seputembala 2017 mitengo kumeneko inagwa, ndipo misika ya mayiko oyandikana nafe inakhala yofunika kwambiri kwa fakitale ya Dwangwa ndi alimi a nzimbe oizungulira. Popanda COMESA ndi SADC tikanalowa bwanji? Komabe ndivomereze kuti shuga yemweyo akusonyeza mmene mayiko amazembera. Kenya inakhala zaka zoposa 20 ikupempha COMESA kuti iteteze mafakitale ake a shuga poika malire pa shuga wolowa, ndipo mu SADC shuga ali ndi ndondomeko yakeyake. Ndiye mfundo yanu yakuti amphamvu amadziteteza ndi yoona. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndikuti chida chimenecho chili m'pangano momwemo ndipo nafenso tingachigwiritse ntchito mwa dongosolo, ndi umboni wa manambala, m'malo modzidzimutsa anzathu ndi chiletso.

Za mpunga wa ku Tanzania, alimi a ku Bua asaope mopyola. Wochokera ku Kyela kuti afike ku Lilongwe ayenda mtunda wautali kuposa wochokera ku Nkhotakota, ndipo anthu athu fungo la Kilombero ndi Faya amalidziwa. Chimene chingatilande msika ndi miyala m'mpunga ndi zokolola zochepa pa ekala. Mbewu yobwerezabwereza zaka zambiri imasakanizika, pamene mbewu yabwino malo ofufuzira za mpunga a Lifuwu ali pa Salima pompa. Pali ubwino winanso wosatchulidwa: matumba opakira, zipangizo za chigayo ndi mapampu opangidwa m'chigawo chino nazonso zimalowa motsika mtengo.

Chobisika chenicheni, chimene palibe wachitchula, ndi ndalama yathu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki, koma pa msika wamseri inapitirira kukwera kutali ndi pamenepo. Wogulitsa kunja mwalamulo ndalama zake zimabwera kudzera kubanki, ndipo gawo lina amakakamizidwa kulisintha pa mtengo wa boma. Pamene dizilo wa thiraki akasowa, matayala, masipeyala ndi matumba, mitengo yake imatsatira msika wamseri. Venda wodutsitsa mpunga usiku pa njinga alibe CD1, ndalama zake amasintha kumene akufuna, n'chifukwa chake amatha kukupatsani mtengo umene kopaletivi yotsata malamulo ikulephera kufikapo. Limeneli si vuto la pangano, koma ndi limene lingadye phindu lonse la ulendo wanu.

Mlembi wa kopaletivi, Bua

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Funso limodzi lotsiriza kwa achimwene a pa boda: tiwerengere bwanji kuti tidziwe ngati ulendowu uli ndi phindu kuposa kugulitsa kwa mavenda, ndipo tidziteteze bwanji kwa wogula amene sitikumudziwa?

Wa pa boda

Yambirani kumapeto, bambo, kubwerera m'mbuyo. Funsani mtengo umene wogula wa ku Chipata kapena Lusaka alipire pa kilogalamu, wa pikulitsa osati wa pa shelefu. Kumeneko mukapikisana ndi mpunga wa ku Nakonde, wa ku Mongu ndi wa ku Chama, ndiye mtengo wake uli ndi malire. Sinthani mtengowo kukhala kwacha yathu pa mtengo wa kubanki, osati wa pamsewu. Chotsanipo thiraki, kuchoka ku Nkhotakota kudzera ku Salima ndi Lilongwe mpaka Mchinji ndi makilomita oposa 300, ndipo funsani ngati mtengo wa mwini galimoto ukuphatikiza inshuwalansi ya galimoto zodutsa malire yotchedwa Yellow Card ndi zolipira pamsewu za ku Zambia, komanso ngati akuwerengera kubwerera wopanda katundu. Chotsani ejenti wa mbali zonse ziwiri, ziphaso, kufukiza, matumba osindikiza, kupunthitsa, onyamula, ndi masiku awiri a kuchedwa pa boda ngakhale mukuyembekeza kuti simuchedwa. Chotsalacho chulukitsani ndi 0.65, kapena ndi nambala imene chigayo chanu chimaperekadi mutayesa matumba 10. Onjezerani mtengo wa madeya. Chimene mwapezacho ndi mtengo wa kilogalamu imodzi ya mpunga wosapuntha, ndipo ndi umene muyerekeze ndi wa venda. Kumbukiraninso kuti venda amalipira lero pamene ndalama za ulendowu zingatenge miyezi iwiri. Ngati mamembala akongola kwa katapila podikira, chiwongola dzanja chimenecho chilowenso m'masamu.

Za wogula, pangano lanu lilembedwe ndipo litchule mtundu wa mpunga, chinyezi, wosweka asapose peresenti ingati, kulemera kwa thumba, ndalama yolipirira, ndiponso malo enieni amene katundu achokere m'manja mwanu. Kwa oyamba kumene n'kwabwino kugulitsira pa nyumba yanu yosungiramo katundu kapena pa Mchinji, za tsidya lija akhale nazo mwini wake. Tengani zitsanzo ziwiri za kilogalamu imodzi kuchokera m'matumba osiyanasiyana, muzimate pamaso pa onse, china chake china chanu, kuti asadzanene kuti amene wafika si amene anaona. Alipireko gawo kudzera kubanki thiraki isanapakire, chotsala chilowe katundu asanatsitsidwe. Izi n'zofunika kawiri, chifukwa wogula akathawa CD1 ija imakhalabe pa dzina la kopaletivi, ndipo banki idzafunsa inu kuti ndalama zakunja zili kuti.

Ngati ofisala wakana satifiketi yabwinobwino kapena wafuna ndalama yosadziwika, pemphani kuti alembe chifukwa chake ndi kupereka lisiti, kenako kadandauleni pa desiki ya amalonda pa boda pomwepo kapena pa tsamba la pa intaneti la tradebarriers.org, limene COMESA, SADC ndi EAC, bungwe la mayiko a kum'mawa kwa Africa, amalandirirapo madandaulo otere.

Chaka choyamba musaike matumba onse 900 pa thiraki imodzi. Punthitsani 40, mtundu umodzi wokha, atulutsa matumba 26 kapena pafupi ndi pamenepo. Onani ngati mtengo wake ukukwana m'malire a madola 2,000, mamembala awiri apite nawo pa STR ndi ziphaso zonse, ndipo alembe m'kope tambala iliyonse imene atulutse kuchokera ku Bua mpaka ku Chipata ndi maola amene aime pa boda. Otsalawo gawani, ena kwa ogula a ku Lilongwe, ena musunge pa mathabwa mpaka Novembala mitengo ikakwera.